Makandulo a Pepo

Lolemba

Ndadziputira ndekha. Dzulo pa zolengeza Bambo Mfumu atsopanowa akuti Lamulungu likubwerali tikuyamba Adiventi, chaka chatsopano cha mpingo, ndipo zinthu zisintha. Ng'oma zipume. Atsikana ovina apume. Nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu osaimba mpaka Khrisimasi. Maluwa paguwa ayi. M'malo mwake akufuna nkhata ya masamba aawisi yokhala ndi makandulo anayi, atatu a pepo, mmodzi wa pinki. Kuno kumpoto sizinachitikepo.

A tcheyamani a mpingo kungotembenuka, chala pa ine: “Mama ŵa grosale aŵa, makandulo ŵali nagho ghanandi.” Ine pakamwa yasa: “Musadandaule!”

Zaka zisanu ndi chimodzi chichokereni ku Thyolo, m'tchalitchi muno sanandipatsepo ntchito ngakhale yonyamula benchi. Moni amandipatsa bwinobwino, koma wa mlendo. Aka n'koyamba. Ndikalephera adzati akummwera amangodziwa kugulitsa sopo.

M'shopu muli:
makandulo oyera
ena oyera
ena oyera othyoka

Lachiwiri

Msika wonse wa pa boma ndazungulira kawiri. Oyera okhaokha! Mayi wina akundifunsa ngati a pepowo amawala mwa pepo. Sindikudziwa. Bwanji sindinafunse?

Mwayi, a Sichali ogulitsa mapoto akupita ku Tunduma, kutsidya kwa malire, mawa kukaoda. Ndawadulira kansalu ka pepo kumphepete kwa chitenje changa chabwino kuti akayerekezere mtundu. Akuti, “Hakuna shida, mama, ku Tunduma kulije chakusoŵa.” Mtima pansi pang'ono.

Amuna anga, bambo a Chisomo, akuti ndikanangonena zoona kwa a tcheyamani. Iwo zawo zili bwino, Lamulungu akungowerenga mawu oyamba, shati yoyera anachapitsa kale.

Lachitatu

Tsiku la nkhata. Waya wa pa chingwe choyanikira, masamba a mkungudza opempha kuseri kwa sukulu, zala zonse zobayika. Koma yatuluka yokongola, ndisaname. Ndaiika pakhonde kuti ipitidwe mphepo.

Sipanathe ola, NyaKayuni woyandikana nafe uyo, chitenje m'chiuno, mpango kumutu, wagwada pakhomo: “Pepani chomene mama, mbanjani ŵatileka?” Kumbuyo kwake amayi ena awiri, wina wasenza nkhuni! Kuno nkhata ya masamba amaiona pamanda pokha. Ndafotokoza mpaka kukhosi kuuma kuti sikunafe munthu. Amwa tiyi, apita. Nkhuni abwerera nazo.

Nkhata tsopano ili kunsi kwa bedi. Ndikuopa kuti mbiri ifika ku Thyolo amayi anga n'kukomoka.

Lachinayi

A Sichali abwera, akumwetulira ngati apha njovu. Mtundu apezadi, ndendende kansalu kaja, wa pinki yemwe. Koma ndi timakandulo ta pa keke ya tsiku lobadwa! Kutalika ngati kamtengo ka machesi. Ndayatsa kamodzi kuyesa: ndisanamalize Atate Athu kazima.

“Mukati mtundu, mama. Za utali mukayowoya yayi.” Zoona, sindinanene.

Kwatsala masiku awiri. Ndakumana ndi a tcheyamani pa chigayo, akufunsa zikuyenda bwanji. Ndati bwino kwambiri. Mulungu andikhululukire, ndi nkhani ya tchalitchi yomwe ndikunamira.

Lachisanu

Nzeru yabwera m'mawa ndikusesa: jivi! Mankhwala a pepo aja timapaka ana pa zilonda. Mabotolo atatu, beseni, makandulo oyera aatali, viii.

Jivi sakugwira pa kandulo. Akungotsetsereka. Koma wagwira:
manja anga mpaka m'zigongono
beseni losambira
simenti ya pakhonde
kolala ya shati yoyera ija, sindikudziwa kuti yafika bwanji pamenepo

Ndakanda makandulo ndi foloko kuti mankhwala alowe m'mizere. Alowadi. Tsopano akuoneka ngati miyendo ya mwana wa mphere. Wa pinki ndapaka kyutekisi wa Chisomo, nyumba yonse fungo. Ndayanika onse anayi pa lata kuti aume msanga.

Bambo a Chisomo sakundilankhula.

Loweruka

Pa lata! Dzuwa la mwezi uno! Mutu wanga unali kuti? Makandulo apindika ngati nthochi. Ndayesa kuwongola m'madzi ofunda, mmodzi thyo. Ndamumata ndi phula lake lomwe.

Manja ndatsuka ndi sopo, phulusa, mandimu, mchenga, palafini. Akungowala. M'shopu makasitomala akuloza sikono koma akufuna ndiwapatsire m'pepala. Agogo ena andigwira paphewa: “Lutani ku chipatala, mwana wane, kubisa nthenda nkhuheni.”

Nkhata ya kunsi kwa bedi yauma gwa, mphemvu zasamukiramo. Ndamanga ina ya masamba a mango.

Madzulo ndalimba mtima, ndakaulula zonse kwa a katekisiti. Ayang'ana makandulo, ayang'ana manja. Kenako akuti mawa timayatsa mmodzi yekha, enawo amadikira masabata awo. Mmodzi! Sabata yonseyi palibe anandiuza! Komabe onse anayi ayenera kuima pankhatapo, ndipo wonyamula popita kuguwa ndine.

Ndasankha wopindika pang'ono kuti akhale kutsogolo. Ndikupemphera mvula igwe yambiri, anthu achepe.

Lamulungu

Kunja kuli ngwee. Tchalitchi chadzaza mpaka pamawindo, a ku Kaseye omwe abwera pa njinga kudzaona chachilendocho.

Ng'oma kulibe, ovina kulibe, chobisalira palibe. Zii. Ine pakati pa kanjira, nkhata m'manja, makandulo aliyense kuloza kwake. Bambo a Chisomo awerenga atavala jekete lotseka mpaka m'khosi, thukuta kamukamu.

Bambo Mfumu ayatsa woyamba. Wayaka! Kenako wayamba kudontha chammbali, madontho a pepo pa nsalu yoyera ya paguwa, do, do, do, mpaka Misa kutha. Maso anga sanachoke pamenepo, ulaliki sindinaumve. Ndangomva pomaliza Bambo Mfumu akuti, “Chovala changa ndi cha pepo, koma ena alowa Adiventi ndi thupi lomwe.” Tchalitchi chonse gwedegwede. Ndinafuna pansi pang'ambike.

Potuluka ndikuzemba chakuseri, ndikumva mawu a mayi wamkulu wa gulu losesa, amene sanandiitanepo chibwerereni: “NyaJivi! Imwe NyaJivi! Nsalu iyo mwananga mukachape mwekha. Ndipo Loweruka mukusesa na ise, mwize luŵiro.” Amayi onse akuseka, wina wandikoka dzanja la pepo lomwelo kuti ndikhale nawo pamthunzi.

Dzinali ndi loipa, ndipo ndikudziwa kuti ndifa nalo. Ndavomera kuti “Yewo.”