Yanu ndi Iyi, Mwafanana

A Mwafanana sankapatsa munthu nsomba asanaiyang'ane kumaso. Akaivuula m'damu ankaigwira ndi manja awiri, kuitembenuzira kumene kuli dzuwa, n'kuipenda monga ankapendera anthu m'kachipinda kawo kojambuliramo zithunzi za ziphaso, mmene anagwiramo ntchito mpaka imvi. Akatero ankatchula mwini wake. "Awa ndi a Kalipentala." "Awa ndi mayi ogulitsa makala aja." Loweruka masana ankaiwamba pa mgolo kuseri kwa nyumba, ndipo Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ankakagogoda pakhomo pa munthuyo, nsomba ili m'pepala.

"Yanu ndi iyi. Mwafanana."

Dzina lawo linachokera pamenepo. Sankagulitsa, sankasinthanitsa ndi kanthu, ndipo iwo eni sankadya. Ukawafunsa kuti yawo ili kuti, ankati wojambula sadzijambula.

Pa msewu wathu wonse panali munthu mmodzi yekha amene sanalandirepo nsomba yake, ndipo munthuyo anali akazi awo. Zaka makumi atatu mayiwo akupala mamba, akutumbula, akuthira mchere, akukoleza utuchi mumgolo, mpaka malaya awo a kwaya ankamveka utsi kwa oimba a mzere wakumbuyo. Nsomba zonsezo zinkadutsa m'manja mwawo kupita kwa eni ake. Sikuti ndiwo ankazisowa, pamsika pali pafupi. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kudziwa chifukwa chake amuna awo, amene ankaona nkhope ya munthu aliyense m'madzi, yawo sanaionemo.

Akanafunsa msanga, koma poyamba ankaona ngati ndi mwayi. Kulandira nsomba kwa a Mwafanana sikunali kopepuka. A Wometa, bambo amene pakamwa pawo sipatsekeka kuyambira potsegula shopu mpaka potseka, analandira ya kukamwa kotambalala ngati chikwama.

"Achimwene, tafanana pati?"

"Taiyang'anani."

"Ndaiyang'ana. Yayasamula."

"Eya."

A Wometa anakhala chete tsiku lonse, mwina koyamba chibadwire, moti odzametetsa ankafunsana ngati kunyumba kwawo kwagwa zovuta. Koma nsombayo anaidya, ndi mutu womwe. Palibe amene ankabweza. A Mwafanana ankawamba ndi moto wofatsa, wa utsi wokhawokha, akutembenuza ndi zala mosathamanga mpaka khungu litafiira ngati uchi. Munthu ankakwiyira pakhomo n'kukakhululukira pa mbale.

Abusa athu, munthu wofatsa wa ndevu zazitali za pamlomo, analandira mlamba. Anathokoza, anaupempherera, ndipo Lamlungu lotsatira anaima kutsogolo atameta ndevu zonse, moti ana ena ankayesa kuti kwabwera mlendo. Patapita masabata awiri a Mwafanana anagogodanso. M'pepala munali mlamba wina.

"Koma bambo, ndevu zija ndinachotsa."

"Sizinali ndevu, abusa."

"Nanga n'chiyani?"

"Mmene mumayang'anira anthu obwera mochedwa."

Abusa anasunganso ndevu zawo, poona kuti zinapita zosalakwa.

Imene inasokoneza anthu kwambiri inali ya mayi a pagolosale, amene amuna awo anali atatisiya zaka zinayi m'mbuyomo. A Mwafanana anafika atavula chipewa.

"Iyi si yanu kwenikweni, mayi. Ndi ya malemu. Koma poti kokawasiyira kulibe, landirani inu."

Mayiwo anafika nayo kwa akazi a Mwafanana ali wefuwefu, atainyamula ndi manja awiri.

"Asisi, ndiidye?"

"Kaya."

"Kapena ndikaikwirire?"

"Nsomba yothira kale mchere?"

"Koma chipumichi ndi chawo ndithu. Taonani. Ndi mmene ankandiyang'anira ndikachedwa kutsegula."

Anaiyang'ana awiriwo nthawi yaitali, ndipo chipumicho chinalidi cha malemu. Mayi a pagolosale anakaiika pamwamba pa kabati, anaivindikira ndi mbale, ndipo masiku anayi ankadutsa pamenepo mwaulemu. Tsiku lachisanu mphaka anaweruza mlanduwo. Mayiwo analira, ndipo mpaka lero sadziwa ngati ankalirira amuna awo kapena ndiwo.

Tsiku limenelo akazi a Mwafanana anagona ndi maganizo. Ngakhale akufa akulandira. Anayesa kufunsa anzawo a kwaya mozungulira, ngati nkhani ya munthu wina, koma aliyense anadziwa mwini nkhaniyo.

"Thokozani Mulungu," anatero mmodzi. "Ndiye kuti ndinu okongola. Nsomba yokongola munaionapo?"

"Kapena sakuyang'anani," anatero wina, akupinda pepala la nyimbo. "Mwamuna akazolowera nkhope amaiona ngati khoma la m'nyumba. Mukamufunsa mtundu wa penti sadziwa."

Mawu oyambawo anawaiwala asanafike kunyumba. Achiwiriwo anawaima pakhosi ngati munga.

Anayamba kudzithandiza. Loweruka lina, amuna awo akutsanulira nsomba m'beseni, mayiwo anakhala pafupi n'kutulutsa milomo pang'ono, maso atatong'ola, kuti mwina kufananako kuonekere. A Mwafanana anawayang'ana modandaula.

"Mayi, dzino lija layambanso?"

Loweruka lina anangosankha okha. Anatola yooneka bwino, yosalala, ya mamba onyezimira.

"Iyi ndi yanga. Tafanana."

A Mwafanana anailandira, anaitembenuza uku ndi uku, anayang'ana akazi awo, anayang'ananso nsomba.

"Ayi, mayi. Awa ndi a Dalaivala."

A Dalaivala anali mnzawo wowedza nawo, bambo wopuma pa ntchito yoyendetsa basi, wa dazi ndi mphuno ngati mbatata, amene ankawatengera kudamu pa kagalimoto kawo kokalamba. Nsomba yonyezimira ija anaidya iwowo, ndipo anatumiza mawu othokoza kwa alamu awo chifukwa cha mchere wokwana bwino.

Chimene chinawatopetsa mayiwo chinali cha mkamwini. Mwana wawo wamkazi atakwatiwa, mwamuna wakeyo asanathe ndi mwezi womwe m'banja, analandira yake, yowonda, ya maso odabwa. Madzulo a tsikulo mayiwo anakaima pafupi ndi mgolo, manja atapinda.

"Bambo, kodi ine nkhope ndili nayo?"

"Muli nayo."

"Mumaidziwa?"

"Ndinaijambula ndine, tsiku lija munabwera ndi azakhali anu. Munaphethira kawiri, ndinawononga mafilimu."

"Nanga yanga ili kuti?"

A Mwafanana anawerama n'kuyamba kupemerera moto umene unkayenda bwinobwino.

"Utuchiwu ndi wonyowa," anatero. "A Kalipentala asintha."

Mayiwo anapemphera za nkhaniyi kangapo, mwamanyazi, podziwa kuti Ambuye ali ndi odwala ndi amasiye oti awamvere. Anapempha kuti mwina awachotsere funsolo mumtima, kapena awapatse yankho. Funso silinachoke, ndipo yankho silinabwere.

Kenako a Mwafanana anayamba kutopa. Ndodo yowedzera inawalemera, masitepe awiri a pakhonde anasanduka phiri. Anawagoneka kuchipatala sabata imodzi. Anthu ankabwera kudzawaona mosalekeza, ndipo mayiwo ankangosuntha mpando kupatsa alendo malo, funso lawo lili m'kamwa. Tsiku lachisanu ndi chimodzi masana, anthu atatuluka, anatsala awiri.

"Bambo, funso lija."

"Liti?"

"La nsomba."

A Mwafanana anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza dzanja pang'ono, monga ankachitira ali kuseri kwa kamera.

"Kwezani chibwano pang'ono."

Mayiwo anakweza.

"Tembenukirani kuwindo. Basi. Khalani choncho."

Anakhala choncho, osaphethira, akudikira mawu otsatira. Atatopa khosi n'kuyang'ana pabedi, anapeza bambowo ali m'tulo. Mmawa wake Ambuye anawatenga. Mayiwo anatsala osadziwa ngati lija linali yankho, kapena ntchito yakale inangowabwerera m'mutu.

Patatha masabata awiri chiikire maliro, a Dalaivala anabwera m'mawa kudzasiya chitini cha mbedza ndi chipewa cha malemu, zimene zinatsalira m'galimoto. Mayiwo anawapatsa mpando pakhonde ndi kapu ya tiyi, n'kudikira kuti amwe kawiri.

"Alamu, munawedza nawo zaka zonsezi. Yanga sinapezekepo?"

A Dalaivala anaika kapu pansi n'kusisita dazi lawo.

"Anandilumbiritsa, alamu."

"Amene anakulumbiritsaniyo ali kwa Ambuye. Ine ndili pano."

A Dalaivala anayang'ana kumsewu ngati kungadutse wowapulumutsa. Sikunadutse munthu.

"Inkapezeka."

"Kangati?"

"Pafupifupi Loweruka lililonse."

Mayiwo anaganiza za makomo onse a pa msewu wathu, limodzi ndi limodzi.

"Ndiye inkapita kwa ndani?"

"Sinkapita kwa munthu. Ankaichotsa mbedza pang'onopang'ono, kuipepesa, n'kuibwezera m'madzi. Ankati mayi a kunyumba sangapite pamoto."

Mayiwo anatola chipewa chija, anachiyang'ana mkati, n'kuchiika pamiyendo.

"Inali yooneka bwanji?"

"Apo ndi pamene mutu unkandizungulira ine. Lero yaikulu ngati mkono, sabata yamawa kakang'ono ngati chala. Tsiku lina yakuda, tsiku lina yamawangamawanga. Ina inali ya diso limodzi. Ndikati, achimwene, sabata yatha munati alamu ndi yonenepa ija, ankati, iwe dziwa za magiya, za nkhope zisiye. Chaka chija munachitidwa opaleshoni tinagwira khumi ndi ziwiri, zabwinozabwino. Yoyamba anati ndinu. Yachiwiri ndinu. Zonse khumi ndi ziwiri. Ndinabwerera chimanjamanja, kunyumba anandifunsa ngati ndinapitadi kudamu."

"Ya diso limodzi," anatero mayiwo.

"Koma linali diso labwino, alamu."

Mayiwo anafuna kukwiya, mkwiyo osabwera. Anafuna kulira, koma pakhosi panadzera kuseka, ndipo anatseka pakamwa ndi chipewa cha malemu, poti masiku a chisoni anali asanathe ndipo anthu amaona.

"Ndiye kuti zaka makumi atatu ine ndikugula ndiwo pamsika, kumeneko ndadzaza damu?"

"Mwadzaza, alamu. Mpaka mwaswana."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndinawafunsapo. Anati mukadziwa mudzafuna kuiona, ndiye akuonetseni iti?"

Msewu wathu wakhala wina tsopano. Lamlungu tikaweruka aliyense amalowa m'nyumba mwake, ndipo palibe amene amamva kugogoda n'kuyamba kudzifunsa kuti lero wafanana ndi chiyani. Nsomba timagula pamsika, zopanda eni, ndipo timadya osadziwa kuti tikudya ya ndani. Loweruka masana mpweya umangomveka fumbi ndi sopo wochapira. A Dalaivala anapachika ndodo yawo. Amati kudamu kuja sangaponyenso mbedza, angakole alamu awo popanda wowazindikira.

Loweruka lina mayiwo anawapempha kuti awaperekeze. Aka kanali koyamba kuliona damulo. Linali laling'ono kuposa mmene ankaganizira, madzi ake a matope, m'mbali muli bango ndi mapazi a ng'ombe. Anaima pa mwala umene amuna awo ankakhalapo n'kusuzumira. Sanaone kanthu. Anamasula kansalu, anatulutsa buledi wa dzulo, n'kuyamba kunyenyera m'madzi.

Poyamba panali zii. Kenako madzi anagwedezeka, apa kamlomo, apo kamlomo, mpaka pamaso pawo ponse panali timilomo totseguka ndi kutseka.

"Ndi iti pamenepa?" anafunsa.

"Kaya, alamu. Ine ndi wa magiya."

Mayiwo ananyenya buledi yense mpaka kukutumula kansalu. Kenako anawerama pang'ono, monga amachitira polankhula ndi anzawo m'tchalitchi mapemphero ali mkati.

"Idyani, amayi," anatero. "Koma muzichenjera ndi mbedza. Wotibwezera m'madzi uja kulibenso."