Kwa Bwana Amene Amapukuta Zonse Kupatula Mpweya

Kwa Bwana Mkulu,
Jimu ya Brannock,
Sudbury.

Wolemekezeka Bwana,

Ndayamba ndasamba m'manja ndisanagwire cholembera, kuti kalata ino ikufikeni yoyera monga mmene mumafunira zinthu zonse. Ine ndine Lucille Thibeault, mayi wa zaka 68. Ndinayendetsa basi ya ana asukulu zaka makumi atatu, ndipo tsopano ndimapalasa njinga yosapita kulikonse m'jimu yanu Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, naini koloko m'mawa, m'kalasi ya ife a imvi. Simundidziwa, ndipo sindikudandaula. Ifenso nkhope yanu sitiidziwa bwino, timangokudziwirani pa siginecha ya m'munsi mwa zikalata zimene mumamata pakhoma, ndipo ndi siginecha yokongola.

Ndalemba kuti ndithokoze. Ena amangodandaula, koma ine ndinaleredwa bwino. Kungoti ndisanayambe, mundilole ndikuuzeni za amuna anga, a Armand, poti ndi amene andigwiritsa cholembera. Bambowa anagwira ntchito mumgodi zaka 34, ndipo ntchito yawo inali yoona kuti mpweya wabwino ukufika kwa anzawo okumba miyala pansi penipeni. Mgodi unandibwezera mwamuna wa mapapo otha, ndipo chaka chatha madokotala anawang'amba pachifuwa n'kuwakonza mtima. Dokotala wawo anati azipalasa njinga katatu pa sabata, akapanda kutero mtimawo uyambiranso ulesi. Kuyenda panja sangayerekeze, chifukwa Febuluwale uno misewu yonse ndi madzi oundana, ndipo munthu womwa mankhwala osungunula magazi akangoterereka, nkhani yatha. Ndiye jimu yanu ndi mankhwala awo. Komanso mliri uli kunjawu ukawagwira, tonse tikudziwa kuti sangadzuke. Tsopano ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kamfuti koyezera kutentha kwa thupi kamene munapatsa a Darlene, mayi wotilandira pakhomo. Ife timafika titachokera panja pamene kuzizira kwafika madigiri 28 pansi pa ziro, chipumi chili gwa ngati nyama ya mufiriji. A Darlene amatiloza nako, kamalira, n'kuonetsa madigiri 32 m'malo mwa 37 ya munthu wamoyo. "Mayi Thibeault, lero mwamwaliranso," amatero. "Pitani mukapalase, malemu." Sabata yatha kunabwera bambo wina akutsokomola ngati lole yakale pachitunda, maso ali psuu. Anamuyeza, kanati 34, ndipo tinamulandira ngati munthu wotentha bwino kuposa tonsefe. Chitsegulireni jimuyi simunabwezepo munthu ngakhale mmodzi, ndipo ndamva kuti mumanyadira zimenezi. Muyenera kunyadira. Ndi mzinda uti wina umene ungati anthu ake onse alibe malungo, ena mpaka alibe ndi moyo womwe?

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha lamulo la masiki. Timavala pochokera pakhomo mpaka panjinga, nthawi imene timayenda mwakachetechete, tikupuma ngati mphaka wogona. Tikangokwera njinga, n'kuyamba wefuwefu, kukamwa kuli yasa, lamulo lanu limati tivule. Ine ndi nzeru zanga za pabasi ndikanasemphanitsa, n'chifukwa chake sindinakhalepo bwana. Ndiponso munamata tepi yachikasu pansi, kuzungulira njinga iliyonse, mamita awiri uku, mamita awiri uko. Sindinkadziwa kuti kachilomboka kanapita kusukulu ndipo kakafika pa tepi kamabwerera. Ana amene ndinkawanyamula pabasi sanalemekezepo mzere chotero.

Chachitatu ndi kupukuta. Bwana, mumapukuta! Zogwirira, zishalo, zitseko, zitsulo zonyamula, ngakhale zolembera za pakhomo zili m'makapu awiri, ina ya zoyera, ina ya zogwidwa. Mpopi wa madzi akumwa munaukulunga m'pulasitiki. Zishalo zimene zinali zakuda tsopano zayamba kuyera ndi sanitaiza. Ndikulumbira pamaso pa aliyense kuti m'jimu yanu palibe amene adzatenge matenda kudzera kokhalira.

Chachinayi, ndipo apa ndichedwapo pang'ono, ndi fani. Anthu atadandaula kuti chipinda cha njinga chilibe zenera ndipo mpweya wake ndi wolemera, munamva kulira kwathu n'kugula chifani chachikulu ngati tayala la thirakitala. Munachiika kutsogolo, kumbuyo kwenikweni kwa a Trevor, mphunzitsi wathu, bambo wa chifuwa chabwino amene satha kunena "palasani" popanda kukuwa. Tsono chilichonse chotuluka m'kamwa mwa a Trevor chimayamba ulendo, kudutsa mzere woyamba, kutola mpweya wa a mzere wachiwiri ndi wachitatu, mpaka kukona yakumbuyo. Ndipo kukona kumeneko, Bwana, ndi kumene inu mwa chifundo chanu munalamula kuti kuzikhala ofooka, ati kuti atalikirane ndi anthu. N'kumene kuli njinga ya a Armand.

Tsiku loyamba lomwe, bambowa anakweza mphuno n'kuyang'ana kudenga, mmene ankachitira akalowa mumsewu watsopano wa mumgodi. "Lucille, mpweya uwu ukungozungulira, sukutuluka," anandinong'oneza. "Kumgodi tikanatulutsa anthu onse." Ine ndinati asiye zaukalamba. Koma Lachitatu lotsatira anazula kanthenga kamodzi m'jekete yawo ya chisanu yofutsidwa nthenga m'kati, nthawi yopuma, n'kukakasiya m'malere pafupi ndi a Trevor. Kalasi yonse inasiya kumwa madzi. Kanthengako kanauluka bwinobwino pamwamba pa mitu yathu, kanadumpha tepi yanu yonse popanda kupepesa, kanafika kukona, kanazungulira katatu, n'kutera pa chishalo cha a Armand. Kenako bambowa anakwera pampando, ine nditawagwira miyendo, n'kuika kapepala kopyapyala pa kabowo ka kudenga kamene amati kamakoka mpweya woipa. Kapepalako kanangogwa. Mayi Boychuk, amene amapalasa pambali panga ndipo sasunga mawu, anafuula kuti, "Trevor mwanawe, ndiye kuti adyo amene unadya dzulo tonse tadya nawo, koma mbale yaikulu yapita kwa a Armand!"

Tinalemba zonsezi pakapepala n'kuponya m'bokosi lanu la maganizo. Ndipo simunatinyalanyaze ayi. Patangopita masiku awiri munamata chikalata chatsopano choletsa kutaya nthenga ndi zinyalala zina m'chipinda cha njinga, ndiponso choletsa kukwera pamipando. Zikomo kwambiri. Munthu wina akanangokonza kabowoko mwakachetechete, ife osadziwa n'komwe kuti kalata yathu yawerengedwa.

Chachisanu ndi chitseko. Kumbuyo kwa chipindacho kuli chitseko chotulukira koimika magalimoto. A Armand anati chikangotsegulidwa pang'ono, mpata wolowa phazi basi, fani ija isanduka bwenzi, chifukwa mpweya upeza njira yotulukira. Ndiye tinachitsekereza ndi chitsulo chonyamula cha makilogalamu khumi. Kunazizira, inde. Tinapalasa titavala zipewa zaubweya ndi magolovesi, nthunzi ikutuluka m'kamwa, ndipo tinkaiona ndi maso ikulunjika panja. Palibe amene anadandaula. Ife ndi anthu amene timakhala tsiku lathunthu panyanja youndana, titagwada pa kabowo, kudikira nsomba imodzi. Masiku atatu amenewo ndi amene amuna anga anapalasa akuimba.

Koma inu munatiganizira kuposa mmene timadziganizira tokha. Munalemba kuti mphepo yozizira ikhoza kutiumitsa minofu, ndipo kuti jimu ya Brannock imadziwika ndi kufunda kwake. Chitseko chija munachiika alamu imene imalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo munthu akangochikhudza. Akuluakulu anati pakadafunda padajiwitsa, koma iwowo sanaphunzire zoyendetsa jimu.

Apa mundikhululukire, Bwana, mawu othokoza andithera pang'ono. A Armand anasiya kubwera. Ino ndi sabata yachitatu. Anati anakhala zaka 34 akutulutsa amuna anzawo m'malo a mpweya wotero, ndiye sangakalowemo okha ndi miyendo yawo atakalamba. Tsopano amayenda m'nyumba, kuchokera kukhitchini mpaka kuchipinda, masitepe khumi ndi limodzi, n'kubwerera. Akakolo ayamba kutupa. Dzulo anaima pakati pa makwerero a m'nyumba atagwira khoma, n'kunamizira kuti akuyang'ana penti. Ndakhala nawo zaka 43, ndimadziwa akamanama. Ndili ndi mantha. Akabwera kwa inu ndikuopa mapapo, akakhala kunyumba ndikuopa mtima, ndipo chimene chili pakati pa ziwirizi ndi chitseko chimodzi.

Komabe sindikupemphani kuti muchotse alamu. Ndine yani ine kuti ndisokoneze dongosolo limene munaliganizira mozama? Pempho langa ndi laling'ono kuposa pamenepo.

Lachisanu lapitali, ndikupala madzi oundana pagalasi la galimoto, ndinakweza maso n'kuona kuti m'nyumba yonse ya jimuyi muli zenera limodzi lokha lotseguka, m'mwamba, katani yake ikupepeluka bwino ndi mphepo. Ndinabwerera kukafunsa a Darlene. "Imeneyo ndi ofesi ya abwana," anatero. "Amati mpweya wa muno umawapweteketsa mutu, ndiye chiyambireni mliri satseka." Ndinamva chisoni kwambiri. Miyezi yonseyi mwakhala mukuzizidwa nokhanokha m'mwambamo, minofu yanu ili pangozi youma, pamene ife mwatisiyira kufunda konse.

Ndiye ndikupempha modzichepetsa kuti tisinthane, ola limodzi lokha, katatu pa sabata. Njinga ya a Armand ikwere ku ofesi yanu. A Trevor avomera kale kuinyamula, ndipo bambowa sasokoneza kanthu, amapalasa mwaulemu ndipo akatha amapukuta chishalo kawiri. Inuyo mutsike ndi tebulo lanu, mukakhale kukona kuja, m'kati mwa tepi yachikasu, pofunda, pamalo amene zikalata zanu zonse zikuchitira umboni kuti ndi otetezeka kuposa ena onse. Masiki mukhoza kuvula mukangokhala pansi, malinga ndi lamulo.

Ngati zimene munalemba pakhoma n'zoona, simutaya kanthu, ndipo mutu wanu uzolowera monga inazolowerera yathu. Koma ngati powerenga ndime yapitayi mtima wanu unagunda pang'ono, n'kuganiza za ana anu ndi akazi anu kunyumba, musachite manyazi. Umu ndi mmene wanga umagundira m'mawa uliwonse, ndipo ndiye kuti kalata yanga mwaimva.

Lolemba naini koloko ndibwera nawo a Armand, atavala nsapato zawo zopalasira. Tidzaima m'munsi mwa makwerero anu, kudikira kuti mutiuze kuti akwere ndani, atsike ndani.

Ine wanu wokulemekezani mosalekeza, amene malinga ndi kamfuti kanu ndinamwalira kale mu Disembala,

Lucille Thibeault,
Njinga yachiwiri kuchokera kukona.