Ndinapukuta Thabwa la Mdzukulu Wanga

Chiuno changa chikayamba kuphwanya nyengo yozizira, anzanga a kutchalitchi amati ndi ukalamba, ine n'kumangovomera. Zoona zake n'zakuti chiunochi ndinachipweteka m'nyanja, nditavala suti ya Lamulungu, pamaso pa mwana wanga ndi mdzukulu wanga. Mafunde ndisawanamizire. Anandigwetsa ndi manja angawa.

Ine ndinabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Chinhoyi ku Zimbabwe, bambo anga atachoka ku Dedza wapansi. Anzanga akupita kusukulu, ine ndinali m'nyumba ya abwana, ndipo ntchito yanga inali khonde. Kuwerenga ndinaphunzira ndili ndi ndevu kale, m'kalasi ya akuluakulu, koma kupukuta khonde ndiye ndinali katswiri. Polishi pang'ono, kudikira aume, burashi, kenako nsanza ya bulangete lakale, mpaka udzione mano. Kwa ine chinthu chosawala ndi chinthu chopanda mwini.

Masiku ano ndimakhala ku Ilford, mu mzinda wa London, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo. Anandiitana kuno ndi mwana wanga Esinati, namwino pa chipatala china ku Romford. Ine ndi Esinati timalemekezana ngati anthu ongokumana m'basi. Moni amapereka, mankhwala amabweretsa, koma kunditumako kanthu, ngakhale anyezi, ayi. Zifukwa zake n'zakale, iye akuzidziwa, inenso ndikuzidziwa, ndipo si nkhani ya lero.

Mwana wake Tadala amaphunzira pa yunivesite ku Greenwich, ndipo kumeneko anzake anamuphunzitsa masewera oimirira pa thabwa n'kumatengedwa ndi mafunde. (Tinavutika kuti ana aphunzire. Aphunziradi.) Nthawi yonseyi ankangobwereka thabwa la eni. Tsiku lake lobadwa litayandikira, Esinati anadandaula tikudya kwake ku Romford, Tadala atatuluka, kuti kuli mzungu wina ku Greenwich komweko amene akugulitsa matabwa akale, koma iye alibe mpata wokaona.

"Ndipita ine," ndinatero.

Anandiyang'ana mpaka ndinayamba kufufuza mchere umene unali m'dzanja langa kale.

"Mukwanitsa, ababa?"

"Thabwa? Ine?"

"Chabwino. Mukasankhe, mulisunge kwanu kuti asalione, mulikonze. Loweruka linalo ndapempha tchuthi, tipita naye kunyanja."

Imeneyo inali ntchito yoyamba imene mwana wanga anandipatsa chifikireni ku London. Ndinalumbira mumtima kuti thabwa limeneli akadzaliona, adzadziwa kuti bambo ake akhoza kupatsidwa chinthu osachiwononga.

Ndinapempha a Tembo, mnzanga wa m'kwaya wochokera ku Lusaka, amene ali ndi vani yonyamula katundu. Anafunikanso pa kutanthauzira, poti Chingerezi changa n'cha kukhitchini: chimamva malamulo, mafotokozedwe chimaphonya.

Wogulitsayo anali mnyamata wa tsitsi lofika m'mapewa, wopanda nsapato kunja kukuzizira chonchija. M'kashedi kake kosungiramo katundu munali matabwa atatu. Lalifupi losongoka kumutu, lonyezimira bwino. Lalitali ngati chitseko cha tchalitchi. Ndi lapakati, lotakata, lonyansa.

Ine ndinaloza lalifupi lija nthawi yomweyo. Mnyamatayo anaseka n'kuyamba mafunso.

"Akuti mwana ni mutali bwanji, mdala?" anatero a Tembo.

Ndinaloza khutu langa.

"Nanga kulema?"

"Thumba la feteleza ndi kapamwamba pang'ono."

A Tembo anatanthauzira zimene anakwanitsa. Kenako mnyamatayo anafunsa za mafunde, ndipo ndinanena zimene Esinati anandiuza, kuti ndi timafunde ta kunyanja ya ku Kent, tofika m'mawondo. Mnyamatayo analankhula kwa nthawi, manja akuvina m'mwamba.

"Akuti ichi chifupi mukonda, pa mafunde yang'ono chimamira monga khasu. Ni cha akatswiri. Ichi chitali chimagwira funde iliyonse, koma kukhota ni monga ngolo, elo mwana sangakwele nacho sitima. Manje ichi chapakati ndiye chake. Chamupitilira msinkhu pang'ono chabe, n'chotakata pachifuwa, n'chonenepa, chimamuyandamitsa. Funde ing'ono ikabwera chimanyamuka msanga, elo chimamvera."

Mfundozo ndinazimva, ndipo ndinavomera. Koma inu, uve wake! Pamwamba ponse panali zinthu zotuwa, zomata, za tiziphuphu tiziphuphu, zosakanikirana ndi mchenga ndi titsitsi ta anthu osawadziwa. Pansi pa khola la nkhuku pamaoneka bwino. Ndinangoti mumtima, mwanawe ulibe amako?

Potsanzikana anatipatsa chipsepse chomangira kunsi kwa thabwa, chingwe chomangira ku mwendo, ndi kachinthu koyera, kolimba, konunkhira kokonati. Anakagwira n'kumazungulitsa dzanja pamwamba pa thabwa kusonyeza kupaka. Ndinagwedeza mutu momumvetsa. Munthu wachita manyazi, watipatsa sopo.

"Ndi sopo, eti a Tembo?"

"Ine vamadzi siniziba, mdala. Kwathu kulibe nyanja. Koma inunkhila sopo."

Kunyumba ndinalowetsa thabwa m'bafa, theka linatsalira pakhomo. Ndinayamba ndi sopo uja. Thovu olo pang'ono. Ndikamakhula, uve m'malo mochoka unkangowonjezeka. Ndinati sopo wa Angerezi ndi waulesi ngati eni shedi, n'kumuika pambali kuti ndizisambira ndekha, poti fungo lokha linali labwino. Kenako ndinatenga supuni ndi madzi otentha n'kuyamba kupala. Ndinapala tsiku lonse, mpaka zonyansazo zinadzaza mbale. Kunsi kwake kunatuluka thabwa lobiriwira ngati tsamba la fodya wanthete. Ndinatsala pang'ono kulira.

M'mawa mwake ndinapita ku kasitolo kogulitsa za kwathu, kumene timagula ufa ndi tinsomba ta kapenta, kukagula polishi wapansi. Wofiira anandikopa, sindikana, koma ndinadziletsa n'kutenga woyera. (Pa nkhani yonseyi, apa pokha ndi pamene ndinaganiza bwino.) Sabata yonseyo ndinkapaka, kudikira, burashi, nsanza, mawa lake chimodzimodzi. Pofika Lachisanu ndinaikapo kapu ya tiyi ndipo inayenda yokha mpaka kumapeto. Ndinaomba m'manja ndili ndekha.

Chipsepse ndinachimanga choloza kutsogolo, monga mmene limakhalira khasu la pulawo, poti chinthu chodula chimayang'ana kumene chikupita. Chingwe ndinachimanga ndi mfundo ya ng'ombe. Ndinakulunga zonse m'bulangete.

Loweruka a Tembo anatitenga tonse kupita ku Kent. Ine ndinavala suti ndi tayi, chifukwa kupereka mphatso ndi mwambo. Kunyanjako kunali mphepo yobaya m'mafupa, ndi timafunde taulemu, tobwera mochita kugogoda. Tadala atavala suti yake ya mphira, ndinayala mtolo uja pa mchenga n'kuvundukula. Dzuwa linamenya thabwa, thabwa linabwezera. Azungu amene ankadutsa anatembenuka.

Tadala anakuwa ndi chimwemwe, n'kudumpha. Kenako anayendetsa dzanja pamwamba pake, ndipo nkhope inasintha. Anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana mayi ake. Esinati anangomuponyera diso. Mwana ameneyu ngakhale amayankha m'Chingerezi, analeredwa mwa kwathu: mphatso ya munthu wamkulu umalandira ndi manja awiri, sufunsa mafunso. Anagwada pa mchenga pomwepo.

"Zikomo, agogo. Ndi... lowala kwambiri."

"Ntchito ya manja, mwanawe."

Anatulutsa kakiyi, n'kutembenuza chipsepse chija mwakachetechete kuti chiloze kumbuyo. Ine ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mbalame. Esinati anaona.

Tadala anamanga chingwe ku mwendo n'kulowa m'madzi. Anagona pa thabwa chafufumimba kuti ayambe kupalasa, ndipo anatsetsereka n'kugwera mbali inayo ngati mlamba wopulumuka m'manja. Anakweranso, anagweranso. Ulendo wina anakakamira ndi zigongono, kafunde kanabwera, thabwa linanyamuka bwinobwino monga ananenera mnyamata uja, Tadala anadzuka kuti aime, mapazi onse awiri anapita kumwamba. Pafupi naye ana a eni ankadutsa chiimire pa matabwa awo onyansa.

"Limbitsa miyendo!" ndinakuwa. "Usaope!"

"Uyu mwana anaphunzila zoona, olo amangodya ndalama za sukulu?" anafunsa a Tembo.

Esinati anali atapinda manja pachifuwa. Sanandiyang'ane.

"Ababa, thabwa lija mwalitani?"

"Ndalisamalira."

"Mwalisamalira bwanji?"

Funso limenelo sindinalikonde. Ndinaona kuti ntchito yanga ikumira pamodzi ndi mdzukulu wanga, ndipo ndinaganiza zokaipulumutsa ndekha. Ndinavula nsapato, kupinda thalauza, n'kulowa. Madzi a ku England, abale, si madzi. Ndi singano.

"Agogo, bwererani!"

"Ndikugwirira, iwe ukwere. Vuto lako ndi phuma."

Ndinaika manja onse awiri pa thabwa n'kutsamira ndi thupi lonse kuti lisagwedezeke. Kanabwera kafunde kena kakang'ono, koti ngakhale bakha sangakatchule. Thabwa linachoka pansi pa manja anga ngati lalumidwa ndi mavu. Ndinapita chamutu, ndinatembenuzika, chiuno chinakafika pa mchenga wa pansi, jekete linandiphimba kumaso. Ndinamwa nyanja. Nditangodzutsa mutu kuti ndipume, chingwe chija, chinthu chokhacho chimene ndinamanga molondola, chinabweza thabwa, ndipo linandipeza kumbuyo kwenikweni. Ndinamwanso.

Tadala anandikokera kumtunda atagwira tayi. Chipewa changa chinapitiriza ulendo wa ku France.

Anandikulunga m'bulangete lomwe lija, mano akuimba okha. Apa mpamene Tadala anaona kuti ulemu watsala pang'ono kupha munthu. Anagwada pafupi nane n'kusankha mawu ake a Chichewa limodzilimodzi.

"Agogo, munthu uja... sanapatse inu kanthu koyera? Kakang'ono?"

"Sopo? Ali kubafa. Sachita thovu, koma ndikusambira."

Kenako Tadala analankhula Chingerezi chothamanga, ndipo a Tembo anagwira pakamwa.

"Mdala, si sopo ija. Ni phula. Amachita kupaka dala kuti mapazi yazigwila. Ija doti munachotsa ndiye mabuleki."

"Uve uja?"

"Uve uja."

Esinati anamasula manja pang'onopang'ono.

"Ababa. Mwakhala mukusamba phula?"

"Sabata yonse," ndinatero. Ndipo poti munthu wonyowa alibe chobisa, ndinawonjezera: "N'chifukwa chake malaya akhala akundimata pachifuwa."

Ndinadikira mawu amene ndakhala ndikuwadikira zaka zambiri. Sanabwere. Esinati anakhala pansi pa mchenga, mapewa akugwedezeka, kenako anaphulika. Anaseka mpaka kugona chammbali, misozi mbwee, akumenya mchenga ndi dzanja. Akati aleke, ankandiyang'ana m'bulangete muja n'kuyambiranso. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve chichokere ali kamwana.

Koma tsiku linali litawonongeka ndithu. Tadala anapempha phula kwa mtsikana wina, ndipo linakana kugwira, linkangoyenda pa polishi wanga. (Ndivomere kuti kamtima kena kananyada. Polishi ameneyo sanali wamasewera.) Tchuthi cha Esinati chinathera pa kuumitsa nkhalamba. Pobwerera m'vani ndinakhala pa nyuzipepala kuti ndisanyowetse mpando, ndikudziwa kuti kuseka ndi kwina, chigamulo ndi china, ndipo thabwalo lipita ku Romford kwa anthu odziwa.

Titaima ku Ilford, Esinati anati, "A Tembo, tsitsani thabwalo. Litsala kuno."

"Kuno?" ndinafunsa.

"Wopaka ndi inu, wochotsa ndi inu. Lamulungu linalo tikatuluka m'tchalitchi ndibwera kudzaona. Muphike tiyi. Ndipo ababa, phula lija lichoke kubafa."

Kuchotsa polishi amene unapaka ndi mtima wonse ndi ntchito yowawa, koma yowawitsa inali yotsatira. Lamulungu lija Esinati anakwera masitepe anga, osati kudzasiya mankhwala pakhomo, koma kudzakhala pa mpando. Anamwa tiyi makapu awiri akuonerera bambo ake, katswiri wa khonde, atagwada n'kumadetsa thabwa mwadala ndi phula lija. Tadala ndiye anali kapitawo: mizere yopingasa kaye, kenako kuzungulitsa mopepuka mpaka tiziphuphu tija titabwerera.

"Onjezerani apo, agogo. Pakadali poyera."

Ndinaonjezera, maso nditatsinzina.

Pano Tadala amaima pa thabwa lake, ndipo amati limagwira timafunde timene anzake amangotiyang'ana. Limasungidwabe kwanga, poti kuchipinda kwake kulibe malo. Phunziro ndinalimva: pamwamba pa thabwa sindikhudzanso, ngakhale pamandiyabwa m'manja ndikamadutsa. Koma za kunsi kwake palibe amene ananenapo kanthu, ndipo polishi anatsala wambiri m'chitini.