Phazi la ba Hatibu

Mu George yense, komboni ya mu Lusaka, kuyambira kumsika mpaka kumipope yogulitsira madzi, panalibe amene sankadziwa khalidwe la malemu ba Hatibu: phazi lawo silinkagunda pansi paphiri. Pamalo athyathyathya ankatsika njinga ngati munthu wina aliyense, kupereka moni, kugula mtedza. Koma msewu ukangoyamba kukwera, kaya mukuwe kuti nyumba yawo ikupsa, ankangokweza dzanja n'kupitiriza kupalasa.

Anali telala, mwana wa Myao amene anachokera ku Mangochi kalekale, ndipo kwa zaka makumi atatu anapondaponda makina osokera pakhonde pawo. Salaula, zovala zakale zochokera kunja, itasefukira mu Lusaka anthu anasiya kusoketsa, makina anagona, koma miyendo ya telalayo inakana kugona. Inkapondaponda yokha pansi pa tebulo mpaka tiyi kutayika. Ndiye Lamulungu lililonse ankakwera njinga yawo yakuda, yachitsulo chenicheni, n'kulowera kumapiri: sabata ino ku Chilanga, yamawa njira ya ku Chongwe, ina kuwoloka mlatho wa Kafue.

Tsiku lina anapeza apolisi atatseka msewu pakati penipeni pa chikweza cha ku Chilanga. Wapolisi anakweza dzanja. Ba Hatibu sanathawe, komanso sanatsike. Anayamba kumuzungulira.

"Ba mudala, imani!"

"Naima kudala, bwana. Funsani chabe."

Anayankha dzina, komwe akuchokera ndi komwe akupita, akuzungulirabe, mpaka wapolisiyo anachita chizungulire n'kuwauza kuti azipita.

Anthu ankaseka, koma mkazi wawo, ba Hafswa, sankaseka. Msewu unali utadzaza malole akuluakulu obweretsa katundu wakunja, ndipo bamboyo anali atapyola zaka makumi asanu ndi limodzi. Lamulungu lililonse mayiyo ankakhala ndi mantha mpaka amve belu pachipata.

"Atate ake Firdaus, mwakula. Mufuna nikakutoleni mu mseu na fosholo?"

"Amake Firdaus, siku yamene mwendo wanga uzagunda pansi pa phili, ninshi nakula zoona. Njinga mutenge."

"Mwakamba mweka. Nizagulisa kuli ba malasha."

Mawuwo anawalasa ba Hatibu, poti ogulitsa makala amamangirira matumba asanu panjinga n'kumaikankha tsiku lonse. Koma mawu anali atatuluka. Mboni inapezeka pomwepo: ba Mwewa, oyandikana nawo nyumba, amene anali atangochotsedwa ntchito youyang'anira pakampani ina ya boma. Anatsala ndi kanjinga kamoto, nthawi yambiri, ndi njala yoopsa yofuna woti azimuyang'anira. Kuyambira pamenepo ankawatsatira pambuyo paulendo uliwonse, maso ali pa phazi.

Chaka chimenecho sitolo ina ya m'tauni, imene inabweretsa njinga zowala za magiya khumi ndi asanu ndi atatu, inakonza mpikisano wochokera mu Lusaka kukathera pamwamba pa phiri la Munali. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loti n'kuwotchera chimanga pamsewu. Anyamata anabwera ndi makabudula othina ndi magalasi akuda a m'salaula. Ba Hatibu anabwera ndi kanzu yopindira m'chiuno, kofia, kamkeka kokulunga pakaliyala ndi chigubu cha madzi.

Mpikisano unayenera kuyamba eyiti koloko. Mlendo wolemekezeka anafika dzuwa lili pafupi ndi paliwombo, n'kulankhula za chuma cha dziko mpaka mayi wina anakomoka. Wezulo italira, anyamata anauluka. Ba Hatibu ankangopondaponda mofatsa, monga ankachitira posoka mayunifomu a sukulu.

Pa Shimabala anapeza anyamata atatu akulimbana ndi tcheni. Pa Kafue anapeza ena khumi atagona pansi pa mtengo, madzi atawathera. Ba Mwewa anayandikiza kanjinga kawo.

"Ba Hatibu, imwani manzi, muzafa imwe!"

"Aya si yakumwa."

Atafika patsinde pa Munali, patsogolo panatsala anyamata atatu okha. Ba Hatibu anayamba kukwera bwinobwino, kenaka ali pakati pa phiri anayang'ana chithunzithunzi cha mtengo wa m'mbali mwa msewu. Chinali chitatalika. Chifukwa cha chilankhulo chija anali asanaswali swala ya masana, pemphero la Asilamu, ndipo nthawi yake inali kutha. Moyo wawo wonse anali asanaiphonyepo. Kuti aswali anafunika kutsika, ndipo kumbuyo kwawo kunali ba Mwewa, khosi litatalika, akudikira phazi.

"Ba Mwewa, kupemphela muzapenda monga kuseluka?"

"Ine nipenda chabe mwendo, boi. Vinangu mukakambe na bana Firdaus."

Ba Hatibu anaimirira pamapedulo. Njinga inalira ngati chitseko chakale. Anadutsa mnyamata woyamba akukankha, wachiwiri akufunafuna giya imene inali itasochera pakati pa zinzake khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Wachitatu anayesa kuwathamangira, koma iye ankathamangira mphotho pomwe mdalayo ankathamangitsana ndi dzuwa. Anthu a m'midzi ya m'mbali mwa phiri anasiya madengu a tomato n'kumakuwa, "Shehe! Shehe! Shehe!" Kanjinga ka ba Mwewa kanatsokomola kawiri n'kuzima, ndipo mboniyo inakwera chigawo chotsalacho ikukankha, ikutukwana m'Chibemba.

Pamwamba panali chingwe, ng'oma ndi mlendo wolemekezeka uja, dzanja atalitambasula kale. Ba Hatibu anadula chingwe, anadutsa dzanjalo osaliona n'komwe, n'kukaima pansi pa mtengo pamene msewu unali utawongoka. Anatsegula chigubu chija, anasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, anayala kamkeka. Ng'oma zinaleka. Munthu amene anadikiritsa mpikisano wonse maola anayi anaima padzuwa, mphotho ili m'manja, kudikira telala wa mu George kuti amalize kupemphera.

Anthu anabwera nawo kunyumba pa lole, George yense akuthamangira m'mbali. Ba Hafswa analuluta mpaka mawu kusasa, kenaka anakumbukira kuti iwo ndiwo aluza, n'kulowa m'nyumba. Mphothoyo inali njinga ya magiya, ndipo ba Hatibu anaipereka kwa mwana wawo Firdaus, ati magiya ndi a anthu okayikakayika.

Anapalasanso zaka zisanu ndi ziwiri. Ba Mwewa anatopa n'kusiya kuwatsatira. Lamulungu lina ba Hatibu anabwera mochedwerapo, osaliza belu. Anatsamiritsa njinga pakhoma n'kukhala pansi pafupi ndi mkazi wawo, amene ankasankha mpunga.

"Amake Firdaus, lelo naseluka. Pa Chilanga. Nakankha."

Ba Hafswa anali atadikira mawu amenewa zaka zonsezi. Anawayang'ana amuna awo, n'kuona mmene khosi linaondera.

"Anakuonani ni ndani?"

"Kulibe."

"Ninshi simunaseluke."

"Naseluka. Njinga ni yanu."

Sanaikwerenso, ndipo mvula ya chaka chimenecho isanathe anatisiya. Pamaliro panabwera anyamata a pa Munali aja, tsopano azibambo a mimba zawo, n'kumalimbirana kunyamula jeneza.

Masiku ano Lamulungu mu George ndi tsiku wamba. Palibe woti anthu azibetcherana kuti wafika pati, palibe nkhani ya kumapiri yofika madzulo. Ba Mwewa amakhala pakhonde n'kumayang'anira nkhuku za eni. Timawasowa mdala uja, ndipo timawasowa kwambiri.

Patapita miyezi ingapo, wogulitsa makala wina anamva za pangano lija n'kubwera kudzafunsa njinga. Anaigwira chishalo, anaiyamikira kuti ingasenze matumba asanu ndi limodzi. Anthu anasonkhana kuti aone. Ba Hafswa anatuluka, anachotsa dzanja la munthuyo pachishalo, napukuta ndi nsonga ya chitenje pamene anagwirapo.

"Pangano inali yakuti akaseluka pa phili," anatero, maso ali gwa, mawu osanjenjemera. "Funsani George yonse. Bamuna banga sibanaselukepo."