Mbuzi ya Idi ndi mwezi wa m'foni

Mpaka lero ndikangomva munthu akuti "mwezi waoneka", ndimabisa foni yanga m'thumba. Inu a pa Namwera amene mukuidziwa kale nkhaniyi tasiyani kaye kuseka ndiwafotokozere enawa, chifukwa mmene ikukambidwira pamsikapa anthu anaithira mchere wambiri.

Ine ndimakonza mafoni ndi kudzaza nyimbo m'mamemori pa kakhonde kena pafupi ndi msika. Kwathu ndi kunyanja, kuja kwa Aangilikani, ndipo ndinakulira m'kwaya. Koma chikondi chilibe manyazi. Ndinakakwatira Asiyatu, mwana wa Che Saidi, Msilamu weniweni wa kofiya ndi ndevu zake. Mwana wathu kutchalitchi ndi Mariya, kwa agogo ake ndi Mariamu, ndipo amavomera konsekonse. Apongozi angawo sanandikane, komanso sindinganene kuti anandilandira. Zaka zonsezi dzina langa linali lisanatulukepo pakamwa pawo. Akamalankhula nane ankati "akamwini", akamandinena kumbali ankati "aja a mafoni aja". Zinkandiwawa, ndisaname.

Pakhonde langalo pali benchi pomwe anthu amakhala podikira mafoni awo kuti achajidwe, ndipo pabenchipo mwini nkhani ndine. Palibe mutu umene ndilibe nawo maganizo. Za kumwezi ndinkati azungu akungotaya chuma kukatola miyala kumwamba ngati kuti pansi pano yatha, abwere ku Namwera tiwapatse yaulere atilambulire minda. Mawa lake wina akanyoza zomwezo ndinkamukalipira kuti popanda masatelaiti foni yakeyo bwenzi ili njerwa. Za boma ndinkati m'malo mogulira akuluakulu magalimoto likanatigulira satelaiti yathuyathu, kenaka ndikagwedezeka bwino pa kabaza ndinkati ayi, liyambe lakwirira maenje. Za umwini wa nyimbo ndinkati nyimbo ikatuluka pakamwa ndi ya aliyense ngati mvula (ngakhale kuti akamveka akuluakulu oyendera zokopera aja, ine ndimatseka n'kukadwala malungo). Koma tsiku limene mnzanga wa patsidya pa msewu anakopera mawu a pa chikwangwani changa ndinatsala pang'ono kumutengera kupolisi. Musandifunse kuti zikugwirizana bwanji, inenso sindidziwa.

Ndiye kunabwera kasitomala wina wa ku Mangochi Boma amene anandithirira m'foni kapulogalamu koonera kumwamba. Ukaloza foni m'mwamba kamakuonetsa nyenyezi ndi mwezi pamene zili, ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo. Anati eni ake amagulitsa, koma katswiri wina anakathyola loko. Ine, munthu wa nyimbo ndi mvula uja, ndinangoti alakwitsa ndi eni akewo pogulitsa kumwamba kwa Mulungu.

Umu munali m'mwezi wa Ramadani. Kusala kutatsala pang'ono kutha, Che Saidi anandiitanitsa. Mwana wawo wamwamuna amene amayendetsa za Idi chaka chilichonse anali atapita ku Joni.

"Akamwini," anatero, "mbuzi ya Idi ndagula kale. Mukaisunge kwanu. Tsiku la Idi mupeze munthu aizinge, nyama ifike pano tisanabwere kokaswali kumzikiti. Mutha?"

"Ndikwanitsa, Ababa."

Ndinabwerera kunyumba ndikukoka mbuzi ija mtima uli m'mwamba. Ndinadziuza kuti ndikaigwira bwino ntchitoyi, mwina nkhalambayi iyamba kunditchula dzina.

Kwa amene simukudziwa, Idi siyenda ngati Khirisimasi yoti ili kale pa kalendala. Anthu akasala masiku 29, dzuwa likangolowa amayang'ana kumadzulo. Mwezi watsopano ukaoneka ndi maso, mawa ndi Idi. Ukapanda kuoneka amawonjezera tsiku limodzi. Ndi zimenezi basi, ndipo mwana aliyense pa Namwera amazidziwa. Inenso ndinkazidziwa, kungoti ndinali ndi foni.

Pa tsiku la 29 lija, masana, ndinatsegula kapulogalamu kaja. Kanalemba kuti mwezi wabadwa kale, ndipo kanajambula kachizenga kowala bwinobwino. Ndinaganiza mwanzeru (nthawi imeneyo zinkaoneka ngati nzeru) kuti m'mawa wa Idi kwa Che Twaibu, amene amazingira anthu ziweto, kumakhala chimzere. Bwanji osazingiratu lero, mawa ine ndikafike kwa apongozi tambala asanatsike, nyama itadulidwa kale? Asiyatu anali kwa mayi ake kukapeta mpunga, ndiye panalibe wondiletsa.

Che Twaibu anayang'ana mbuzi, n'kundiyang'ana ine.

"Mwezi mwauona kuti masana ano, achimwene?"

"M'fonimu. Taonani, uwu."

"Foniyo ikusala nawo?"

"Che Twaibu, zinthu zinasintha. Anthu anafika n'kuponda pamwezi pomwepo, inu mukudikirabe kuusuzumira pa chulu?"

"Si inu mumati anangotola miyala?"

"Imeneyo ndi nkhani ina."

"Chabwino. Mbuzi ndi yanu, mpeni ndi wanga. Koma ikagona pamenepa siidzukanso."

Anatchula dzina la Mulungu, ndipo mbuzi inagona.

Dzuwa likulowa ndinapita kuseri kwa mzikiti kumene azibambo amaima pa chulu kuyang'ana mwezi. Kumwamba kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Ndinakweza foni, ndipo pagalasi mwezi unakhala phee pamwamba pa mtengo wa mango. Ndinakuwa kuti, "Uwo! Uwo!" Anthu anathamangira kwa ine, ena atayamba kale kukwezera manja kumwamba. Atafika n'kupeza kuti chala changa chikuloza foni, anatsitsa manja aja. Ndinachotsa foni ndi kuyang'ana ndi maso: mango okhaokha. Kubwezera foni: mwezi. Kuchotsa: mango. Ndinachita zimenezi mpaka mkono unatopa. Kenaka wailesi inalengeza kuti mwezi sunaoneke paliponse m'dziko muno, mawa anthu asalenso.

Che Saidi anatsika pa chulu paja mwakachetechete, nandigwira paphewa.

"Mbuzi ija yapata tsiku lina la moyo, akamwini. Ikudya bwino?"

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanaulula. Ine ndinati, "Ikudya kwambiri, Ababa."

Mbuzi yodya kwambiriyo inali m'beseni kunyumba kwanga, ntchentche zitayamba kale kuitana abale awo. Kunkatentha, magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake. Ndikanamuuza Asiyatu akanangoti tiiwambe kapena tiibwatitse ndi mchere, nkhani n'kutha. Koma kumuuza iye kunali kuwauza mayi ake, ndipo kuwauza mayi ake kunali kulengeza pa wailesi. Pa Namwera ponse firiji imene ndinkaidziwa kuti imayendera mphamvu ya dzuwa inali imodzi, ya a Zuze. A Zuze anabwera ali mwana kuthawa nkhondo ku Mozambiki, ndipo ali ndi bala ya mowa kumapeto kwa msika. Kuseri kwa balako amakazinga nkhumba. Ndinkadziwa. Ndinaima panjira ndi nyama ija m'majumbo anga akuda kudzifunsa ngati kuzizira kwa m'firiji kungalowe m'jumbo yomanga bwino n'kudetsa za m'kati. Ndinafufuzanso pafoni, koma netiweki inakana.

"Ikani, m'bale wanga, malo alipo," anatero a Zuze. "Koma bwanji mwafulumira? Kapena mukutsata a kwathu? Patsidya pa malirepa ndamva ena auona, mawa akudya."

"Auona? Mwezi womwewu?"

"Kaya, mwina wa kwathu ndi wina."

Mutu wanga unaima. Malire ali pompano, munthu umapita pa njinga n'kubwerako usanamve njala. Ndiye mwezi ukuoneka uko, m'foni ukuoneka, pa chulu sukuoneka. Ndinabwerera kunyumba osadziwa ngati ndine wolakwa kapena ndine ndekha wolondola pa Namwera ponse.

Tsiku lotsatiralo linali lalitali. Asiyatu atabwera kudzatenga mapoto anafunsa kumene kuli mbuzi, ndinati ndakaimangirira kwa Che Twaibu kuti m'mawa tisavutike (theka la bodzali linali loona). Chakumasana apongozi anatumiza mtolo wa kholowa kuti mbuzi idye komaliza. Kutaya ndinachita mantha, ndiye ndinathyolako n'kuphika ndekha. Ndinadya chakudya cha malemu uku misozi ili m'maso. Madzulo ake panalibenso zoyang'ana, masiku anali atakwana, mawa Idi.

M'mawa azibambo atangopita kokaswali ndinathamangira kwa a Zuze. Anali asanadzuke bwino, anangondiponyera kiyi pawindo kuti nditengemo ndekha. M'firijimo munali majumbo akuda okhaokha, onse ouma gwa ngati miyala. Anga ndinaika mbali iti? Ndinakumbuka kuti kumanja. Kenaka ndinakumbuka kuti kumanzere. Ndinasankha olemera bwino, n'kukwera kabaza.

Kwa apongozi kunali kutawala. Azimayi atavala zitenje zatsopano, ana atapaka mafuta, mpunga uli pamoto. Ndinatsitsa katundu wanga monyadira ngati ndabwera kuchokera ku Joni. Apongozi aakazi anatulutsa beseni lawo lalikulu la alendo, Asiyatu n'kuyamba kumasula. Jumbo yoyamba, mwendo wa mbuzi. Yachiwiri, nthiti. Yachitatu anaikhuthulira m'beseni momwemo, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha.

"Bambo a Mariamu," ananong'ona, "tabwerani kuno. Mbuzi ya Ababa inali ndi mphuno yotere?"

Ndinasuzumira. Pamwamba pa nthiti za mbuzi panali mphuno yafulati, ya mabowo awiri, ikundiyang'ana. Panali ndi khutu lomwe. Abale anga, ndinalakalaka chombo chija chopita kumwezi chikanaima pa Namwera ndikwere, ngakhale kundisiya komweko ndi miyala.

Apongozi aakazi anakuwa "Astaghafirullah!" n'kugwira kumutu. Nthawi yomweyo azibambo anali akulowa pachipata, Che Saidi patsogolo ndi mkanjo wawo woyera, alendo ali pambuyo. Anayang'ana m'beseni. Kenaka anayang'ana ine. Ine ndiye ndinalankhula, ndipo ndinalankhula zonse: foni, Che Twaibu, firiji, kholowa yemwe. Ndinayesa kufotokozanso za patsidya pa malire kuti mwina tonse tikulondola, koma Asiyatu anandiponda chala.

Nyama yonse inatuluka pampanda, ya mbuzi yomwe, ndipo beseni linatsatira. Apongozi aakazi anagwira nkhuku zawo zoikira, zimene ankaziteteza ngakhale kwa alendo a ku Makka, n'kuzipereka kumpeni uku akundiyang'ana. Chaka chimenecho alendo a Che Saidi anadya mpunga wambiri ndi nyemba, nkhuku n'kumangoinunkhiza. Manyazi amene ndinaona pankhope ya mkazi wanga pamaso pa azakhali ake ndiwo amandipweteka mpaka pano, kuposa kusekedwa konse.

Alendo atachepa, Che Saidi anandiitana pakhonde. Ndipo anandiitana ndi dzina. Dzina langa lenileni, lonse, ndi la bambo anga lomwe, osaphonya ngakhale pang'ono. Kani ankalidziwa nthawi yonseyi! Zaka zonse ndinkalilakalaka kulimva pakamwa pawo, koma mmene linamvekera tsikulo ndinasirira "aja a mafoni aja".

"Ndimamva mumaphunzitsa anthu pabenchi panu," anatero mofatsa, "kuti azungu anapita kumwezi n'kubwerako ndi miyala."

"Eya, Ababa."

"Iwowo bola. Mwala sudetsa beseni."

Anandikankhira mbale ya nyemba kuti ndidye, ndipo ndinadya.

Kuyambira pamenepo amanditchula dzina, ngakhale kuti nthawi zonse amayamba apuma kaye mozama. Kasitomala uja nditamudandaulira anati kapulogalamuko sikananame, mwezi unalidi utabadwa, kungoti kubadwa ndi kuoneka ndi zinthu ziwiri. Wina anati ayi, vuto ndi loti kothyoledwa loko sikadziwa kumene uli, mwina kankandionetsa mwezi wa ku Arabiya. Pabenchi ndimawauza kuti boma likanagula satelaiti ija zonsezi sizikanachitika.

Chaka chino apongozi andipatsanso ntchito ya Idi. Mbuzi ayi. Andipatsa nkhuni, ati nkhuni sizidikira mwezi. Ndawaza kale mulu wabwino, uli pabwalo. Asiyatu wakhala akundiuza chiyambire m'mawa kuti ndizilowetse m'khitchini chifukwa kumapiriku kwada. Koma ndayang'ana pafoni, ikuti lero mvula kulibe.