Tsiku Limene Ndinasinja Mpunga ku Osaka

Anzanga, chifikireni muno mu Al Rigga mwakhala mukundivutitsa kuti ndikuuzeni za ku Japan, ndiye sendezani mipandoyo, koma woseka mopitiriza muyezo vidiyo sindimuonetsa.

Mukudziwa kuti madamu amene ndimawagwirira ntchito ku Al Warqa, kuno kwa Aarabu, akamapita kutchuthi sandisiya, poti ana awo awiri aja popanda ine sadya, sagona. Ulendo uno tinapita ku Osaka. Masiku anayi oyamba Japan ndinkangomuonera kuseri kwa chikwama cha matewera, uku ndikukankha kangolo ka mwana, uku ndikuthamangitsa wamkuluyo. Tsiku lachisanu mtima unakana. Ndinagwira pachipumi, nkhope nditakwinya, ndikuti, "Madamu, mutu ukundiwaza." Anandimvera chisoni, kundipatsa mankhwala, akuti, "Khalas, basi, gona, ana tipita nawo tokha." Lifiti itangotseka, wodwala uja dzambatu! Kusamba, kudziphoda, diresi yofiira, wigi yofika kumsana imene madamu anali asanaionepo poti kunyumba ndimakhala wa duku. Cholinga chinali chabwinobwino: kuyenda pang'ono, kulawa kanthu, kugula kabulauzi, n'kubwerera pabedi asanafike.

Msewu wake abale! Anthu piringupiringu kuposa kumsika wa ku Deira Loweruka, pamwamba pa sitolo ina chinkhanu chachikulu ngati minibasi chikugwedeza miyendo, fungo la zokazinga mbali zonse. Ndinaima pa mnyamata wina amene ankatembenuza timipira ta ufa ndi timitengo, mofulumira ngati akuluka. Ndinati eya, timandasi. Ndinaloza, anandipatsa tisanu ndi kamodzi m'kambale, ine mwaulemu wanga wonse ndikuti, "Shukran!" Zikomo wa Chiarabu kwa Mjapani! Ndiye m'malo moluma pang'ono, ndinaponya kamodzi konse m'kamwa.

Mayo ine! M'kati mwake munali moto wamadzimadzi. Kulavula sindingathe, msewu wake woyera kuposa pabalaza pa madamu. Kumeza sindingathe. Ndinangoima kukamwa yasa, kupemerera ndi dzanja, misozi ikutsuka phoda yense. Kutazizira pang'ono ndikumva chinthu chotafunika ngati labala, kuyang'ana kena m'mbalemo, mwatuluka kamwendo ka timatuza. Ndi kanyama ka m'nyanja ka miyendo isanu ndi itatu kaja! Mukuganiza kuti ndinataya? Bini yake kuti? Mumzinda monse mulibe. Ndinadya tonse, ndipo ndisaname, kachitatu kanayamba kukoma.

Kenako ndinalowa m'sitolo ya zovala. Ndinasankha kabulauzi ka maluwa, mtsikana wogulitsa anandiperekeza kokayesera, kundilozera kuti ndivule nsapato, n'kundipatsa kathumba koyera kopyapyala. Ine wanzeru ndinati n'koika nsapato, ndinaikamo. Mtsikanayo anagwira pakamwa, kuwerama, kubweretsa kena, n'kundisonyeza kuti amavala kumutu kuti phoda asadetse chovala. Chabwino, ndinadzivundikira ngati nkhuku yopita kumsika. Koma saizi za kumeneko anayezera anthu ake, osati ife a ku Dowa. Bulauzi inafika m'mapewa n'kukana. Kutsika ayi, kukwera ayi, manja ali m'mwamba, maso sakuona, ndinadzandira mpaka kutulukira kunja kwa katani ndikukuwa, "Thandizeni, achemwali!" Anachita kundisenda atsikana awiri. Pochotsa kathumba kaja mapini a wigi anagwa pansi, ine chifukwa cha manyazi sindinatole, ndinangovala nsapato n'kuthawa.

Munthu wanzeru akanabwerera kuhotela. Ine ndinamva phokoso pakona, anthu atazungulira akuombera m'manja. Kusuzumira, ndikuona mtondo! Mtondo weniweni wamtengo, wawufupi, m'kati muli mpunga wophika ukufuka nthunzi, ndipo pambali mayi wina akugawa timibulu toyera ta mpunga wosinjawo, amati mochi. Bambo wina wachikulire, kansalu atamanga pachipumi, analankhula mokweza Chijapani chake, anthu angapo n'kuseka mwamanyazi. Ine ndinati akufunsa amene sanalaweko. Dzanja m'mwamba!

Khamu lonse linatembenuka. Bambo aja anandiwerama, kundigwira pamkono, kundilowetsa pakati, n'kundipatsa munsi. Ankafuna wosinja! Munsi wake si wathu uja woongoka, ndi wokhala ngati hamala yaikulu. Ndinaugwira ngati wathu, unapendama, kumenya koyamba ndinaphonya mpunga n'kugunda m'mphepete mwa mtondo, gu! Anthu "Oooo!" Bambo aja, amene ntchito yawo inali kutembenuza mpunga ndi dzanja pakati pa kumenya kulikonse, anayang'ana zala zawo ngati akutsanzikana nazo.

Apo ndiye ndinapsa mtima. Ine, amene ndinakula ndikukonola chimanga ndisanapite kusukulu, ndichititsidwe manyazi ndi mpunga wophika kale? Ndinavula nsapato, kutanyula miyendo, kuugwira ngati khasu. Phu! Pakati penipeni. Bambo aja anatembenuza, akuti, "Yoisho!" Ine, "Yalla!" paja ndi tiyeni wa Chiarabu. Phu! "Yoisho!" "Yalla!" Tinagwirizana ngati tinabadwira mudzi umodzi, liwiro likukwera, anthu ayamba kukuwa "Yalla!" limodzi nane osadziwa n'komwe tanthauzo lake, mafoni ali m'mwamba, ine chiuno chayamba kutsatira chokha.

Ndiye mpunga ukasinjika umamata ngati ulimbo. Ndinakweza munsi mwamphamvu, unapitirira mpaka kukhudza kumutu, pobwera ndinangomva kamphepo kozizira pa liwombo. Kuyang'ana m'mwamba, wigi yanga ili lende pa munsi ngati mbendera! Ndinauimitsa m'malere usanafike mumtondo, apo ndiye ndidziyamikire.

Nthawi yomweyo ndinamva mawu amene ndimawadziwa ngakhale ndili m'tulo: "Esinati?"

Madamu! Ataima kutsogolo kwenikweni, mwana ali m'manja, amuna awo, bwana, foni ili m'mwamba. Akuti anakhala pamenepo nthawi yonseyo akujambula, akuchemerera "mayi wa diresi yofiira", osandizindikira mpaka mutu wanga weniweni utaonekera. Mumtima ndinati basi, mawa ndili m'ndege ya ku Lilongwe.

Koma mpunga unali usanathe, ndipo kwathu ntchito sitisiyira panjira. Ndinamatula wigi, kuiponya pampando, bambo aja anandipatsa munsi wina, ndinamaliza ndi tsitsi langa la mizere lomwelo, makumi awiri osapuma. Nditaima, m'manja munaombedwa ngati ndagoletsa chigoli. Bambo aja anandikweza dzanja, mayi wogawa uja anandipatsa mochi wodzaza bokosi, wigi ataiika m'kathumba kokongola n'kundipatsira ndi manja awiri, akuwerama ngati akundiveka mendulo.

Madamu anayandikira, kundiyang'ana kuyambira kumapazi opanda nsapato mpaka kumutu. Akuti, "Mutu uja uli bwanji?" Ndikuti, "Wapepukako, madamu, mwaona nokha." Anayesa kulimbitsa nkhope, koma bwana anali atagwira kale pamimba, iwonso anaphulika mpaka kukhala pansi pa benchi. Ntchito inapulumuka, anzanga, ndipo masiku otsalawo ankandipatsa masana onse kuti ndiziyenda ndekha.

Chovuta n'chakuti tsopano anadziwa mphamvu za manja anga. Chibwerereni ku Al Warqa makina ogayira zonunkhira anaikidwa m'kabati, akuti khofi ndi tsabola wosinja pamanja zimakoma mwina. Alendo akabwera, vidiyo ija imaonetsedwa pa TV yaikulu ya pabalaza, pofika pa wigi amabwezanso kawiri, kenako ndimaitanidwa kukhitchini kuti adzaone katswiri ndi maso.

Ndiye ndalumbira, ndipo mukhale mboni: munthu akamafunsa m'chilankhulo chimene sindikumva, kaya akugawa golide, dzanja langa ili ndizilikhalira.