Batani Lobiriwira la a Wapampando

M'mudzi wina, umene sitiutchula dzina poopa kuti aliyense anganene kuti ndi kwawo, munali bungwe lotchedwa Mgwirizano wa Amisiri Olemekezeka ndi Osafulumizidwa. Mkulu wake anali Bambo Zuze Kamtedza, kalipentala, amene pa makalata ankasaina kuti Wapampando Wamuyaya, Mwini Macheka ndi Misomali, Phungu wa Amisiri Kuno ndi Kutsidya kwa Mlatho.

Lamulo la bungweli linali limodzi lokha. Kasitomala akabwera kudzatenga katundu wake, mmisiri amugwire chanza, amupatse mpando, amufunse za ana kunyumba, kenako amuuze mwaulemu kuti, "Bwerani mawa." Matelala, owotcherera zitsulo, okonza njinga, onse ankalisunga lamuloli kuposa Malamulo Khumi aja. Mwambi woti zengerezu adalinda kwawukwawu unali woletsedwa pamsonkhano.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero a Kamtedza, uku akusewera bawo pamwamba pa chitseko cha Mayi Nasimango, mphunzitsi wopuma pantchito. Chitsekocho chinali chitagona m'shedi mwawo zaka zitatu, chikudikira mahinjesi. Eni ake ankatseka pakhomo ndi lata lakale.

Tsoka linalowa m'mudzimo kudzera mwa telala wamkazi, Mayi Esnala Ntonya. Iwowa anatulukira kuti masiku ano munthu atha kudzipangira yekha pulogalamu ya pafoni ngakhale asadziwe chinenero cha makompyuta. Umangokoka timabokosi ndi chala n'kumatilumikiza: aka ka dzina, aka ka miyezo, aka ka tsiku. Kwa munthu amene wakhala akulumikiza zigamba moyo wake wonse, imeneyo sinali ntchito. Lamlungu lina atachoka ku tchalitchi anakhala pakhonde, ndipo pomwe dzuwa linkapendeka chinthucho chinali chitatha.

Kuyambira pamenepo wofuna kusoketsa ankalembetsa pafoni, foni n'kumupatsa tsiku malinga ndi mzere, ndipo chovala chikatha uthenga unkamupeza ali kwawo. Choipitsitsa n'chakuti tsikulo linkakhala loona.

Anthu anayamba mwano. Mlimi wina anafika pofunsa wokonza njinga kuti mawa akunenalo ndi mawa liti.

A Kamtedza anaitanitsa msonkhano wadzidzidzi, umene unachitika patatha milungu iwiri.

"Mayi Ntonya, mwatiyalutsa," anatero iwo. "Makolo athu anatisiyira mawa ngati chuma, inu mukulitaya chifukwa cha foni?"

"Ine ndangolumikiza timabokosi, a Wapampando. Ngakhale inu mutha kupanga yanu."

Mayi Ntonya anawachotsa m'bungwe pa mlandu wosunga nthawi mwadala.

Koma mawu aja anawakhala pamtima a Kamtedza. Tisawanamizire, mkuluyu mutu unkagwira. Manja okha ndiwo ankakonda tchuthi. M'mawa wina anakhala pa chitseko chija n'kuyamba kukoka timabokosi. Ka dzina anakataya. Ka tsiku anakataya msangamsanga ngati kawatentha. Anasiya batani limodzi lalikulu lobiriwira. Kasitomala akalidina, foni inkayamba yamufunsa za ana kunyumba, kenako n'kulemba kuti, "Ntchito yanu yatsala pang'ono. Bwerani mawa."

Amisiri anaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Kale kunama kunali ntchito yolemetsa: munthu ankayenera kukhala pashopu tsiku lonse, apo ayi kubisala kuseri kwa bafa, mkazi wake akulumbira kuti bambo apita kumaliro. Tsopano foni inkanama yokha, osaphethira, ngakhale pa Sabata. Pothokoza, bungwe linawonjezera a Kamtedza udindo wa Injiniya Wamkulu wa Zamakono.

Ndiye kunabwera ukwati. Mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, Feliya, ankakwatiwa ndi mnyamata wa m'tauni, wa kubanja kumene ngakhale agalu amasamba ndi sopo. Feliya anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti bambo ake adzamuperekeze ku guwa atavala suti yotsekeka. Yomwe anali nayo inali itakangana ndi mimba kalekale, ndipo mabatani ake anathawa nkhondoyo. A Kamtedza analumbira pamaso pa mwana wawo, nagula nsalu yabuluu, n'kukaisiya kwa Telala Makwinja, mlembi wa bungwe, kutatsala miyezi iwiri. Mtima unali m'malo. Mlembi anganamize bwanji Wapampando wake?

Ukwati unali wa Loweruka. Lachitatu anapita kukatenga suti, napeza shopu yotseka, pachitseko atamata pepala lakuti, "Dinani batani." Anaseka pang'ono, nadina. Foni inawafunsa za ana kunyumba. Apo mpamene kuseka kunathera, poti mwana wa kunyumbayo ndiye anali nkhani yake. Lachinayi foni inawafunsanso za ana. Anasuzumira pa zenera naona nsalu yawo ili chipindire, mphaka atagonapo. Mkazi wa Makwinja anati bambo anapita kwa apongozi kukakumba mbatata, popeza masiku ano shopu ikudziyendetsa yokha. Mayiyo anathamangitsa mphaka n'kuwapatsira nsaluyo pa zenera.

Mantha anawagwira a Kamtedza, mantha enieni. Ankaona kale nkhope ya Feliya pakhomo pa tchalitchi, ndi azibambo a m'tauni aja akukodolana.

Lachisanu m'mawa, nsalu ili m'khwapa, Injiniya Wamkulu wa Zamakono anadzera njira ya kumadimba kuti asaonedwe, nafika kwa Mayi Ntonya. Mayiwo anawalandira bwino, anawayeza mimba popanda ndemanga, nalemba zonse mufoni. Foni inati Lachiwiri.

"Mayi, ukwati ndi mawa. Lembanipo kuti ndine Wapampando Wamuyaya."

"Kabokosi ka maudindo sindinaikemo, bambo."

"Ndiye ndinamizeni basi, mtima ukhaleko pansi."

"Batani limenelo lili kwanu."

A Kamtedza anavula chipewa, chinthu chimene sanachitepo pamaso pa munthu wochotsedwa m'bungwe. Mayi Ntonya anawamvera chisoni.

"Njira ilipo imodzi. Amene ali patsogolo pa mzere akavomera, mutha kusinthana malo. Akavomera dzuwa lisanafike pamutu, ndiyamba lero lomwe ndipo mawa muvala."

"Ameneyo ndani? Aliyense m'mudzi muno amandidziwa."

"Amakudziwanidi," anatero Mayi Ntonya, akuwatembenuzira foni. Pamwamba pa mzere panali dzina la Mayi Nasimango: madiresi awiri, ndi chinsalu chokhuthala chotchinga pakhomo, poti nyengo yozizira inali pafupi.

Ulendo wa kwa Mayi Nasimango unali waufupi, koma a Kamtedza anafika thukuta lili kamukamu. Anakweza dzanja kuti agogode, napeza pogogoda palibe. Anangoti odi kwa lata lija.

Mayi Nasimango anasuntha latalo pang'onopang'ono, natuluka akumwetulira. Anawagwira chanza ndi manja awiri. Anawapatsa mpando. Kenako anayamba kuwafunsa za ana kunyumba, mmodzimmodzi, mpaka adzukulu a mlongo wawo. A Kamtedza ankayankha mwachidule, chifukwa ndondomeko imeneyi ankaidziwa bwino, ndiponso ankadziwa komwe imathera. Komabe anafotokoza zonse: za Feliya, za lumbiro, za anthu a m'tauni, za mphaka. Analonjeza kuti mahinjesi aikidwa sabata yomweyo.

Mayiwo anamvetsera mpaka pamapeto, akugwedeza mutu ngati mphunzitsi amene wamva yankho labwino. Anayang'ana dzuwa, lomwe linali litatsala pang'ono kufika pamutu.

"Nkhani yanu ndaimva, a Wapampando, ndipo yatsala pang'ono kutheka," anatero mwaulemu, akukokera lata pakhomo. "Bwerani mawa."